Mzere Wodziwa Dzina Lake

Ku Valparaíso nyumba zimakwera phiri zitagwirana m'chiuno,
ndipo pansi pake, kumene maso safika,
mipope imapingasana ngati mitsempha ya pamkono.
Ine ntchito yanga n'kujambula zosaonekazo.

Mwezi watha Fermín wa chimakina chokumbira
anatsitsa dzino lachitsulo pamsewu wa ku Cerro Barón,
mapu ali pabondo,
mizere itatu yofanana ngati ana a mimba imodzi.
Pakompyuta inali ndi mitundu yake:
wamadzi wobiriwira, wagasi wachikasu, wamagetsi wofiira.
Koma pulinta ya mu ofesi mwathu imadziwa mtundu umodzi, wakuda.
Madzi anathovoka mpaka pakhonde la wosoka nsapato.
Fermín anandiimbira, mawu akunjenjemera:
Ximena, nanga ukanakhala wagasi uja?

Usiku umenewo sindinapite kunyumba.
Ndinatsegula kafayilo kopanda chithunzi,
manambala ndi mipatuliro basi.
Umu ndi momwe mzere umaphunzirira kuyenda.
Nambala yoima payokha imati: cholembera pansi, yenda.
Yotsogozedwa ndi kamzere kochotsera imati: nyamuka, puma.
Ziro amangosiya kadontho.
Ndipo pakati pa kupuma ndi kupuma
ndinaikapo liwu lakwathu la zilembo zinayi,
AGUA, madzi.

Koyamba liwulo linatera pamwamba pa mzere
ngati nkhunda pawaya.
Ndinalitsitsa theka la msinkhu wake.
Kachiwiri mzere unalasa A womaliza m'mimba
n'kutulukira kumsana.
Ndinakulitsa mpata pang'ono,
pang'ononso,
khofi atazizira, sitima zapadoko zikulira m'nkhungu.
Kachitatu ndinakoka mzere kuchokera kumanja kupita kumanzere,
liwu lonse n'kuima chadodolido,
ngati kuti mapu a mbali iyo ya phiri amawerenga ndi mileme.
Ndinasintha chilembo chimodzi chokha m'kafayilomo.
Liwu linadzuka, n'kudzisansa fumbi.

Bambo Eleuterio, eni ake a desiki ndimakhalapoli,
ankachita zimenezi pamanja zaka makumi atatu:
kulemba, kusiya mpata,
kupachikamo chilembo ndi inki, kuuzira kuti chiume.
Mapu awo akadali m'kabati, achikasu m'mphepete,
ndipo G wawo aliyense ali ndi kamchira kakekake.
Wanga ndi mmodzimodzi
kuchokera kudoko mpaka kumanda a pamwamba paphiri.
Sindikudziwa ngati kumeneko n'kuwapambana.

Kutacha ndinatumiza ntchito kwa mainjiniya a ku Santiago.
Anayankha masana: mzere wakowu ukutifunsa mafunso.
Kompyuta yawo inalibe mtundu wa zilembo zanga,
ndiye m'mipata monse munadzaza mifunsiro,
chiyani? chiyani? chiyani? chiyani?
kutsetsereka phiri lonse mpaka kunyanja.
Ndinaseka mpaka misozi.
Ndinaiwala kuti mzere nawo sunyamuka chimanjamanja,
umafuna kamba wa paulendo.
Ndinaumangira zilembo zake m'phukusi, n'kuutumizanso.

Lachinayi ndinakwera kangolo kakale kaja
kokwera phiri ndi chingwe, matabwa ake akudandaula.
Pansi panga madenga a malata, zovala zoyanika,
galu atagona pamasitepe,
ndipo pansi pa zonsezo, ndikudziwa,
mizere yanga itatu ikuyenda mumdima,
uliwonse ukutchula dzina lake pa mamita asanu alionse
ngati mwana woopa kusochera pamsika.

Ndinampeza Fermín atayala pepala patayala,
mphepo ikulimbana naye ngodya imodzi.
Sanandione.
Chala chake chakuda ndi girisi chinkatsata mzere,
milomo ikugwedera pang'ono:
madzi,
madzi,
madzi,
kenaka chinadumphira pa mzere wina, chinaima.

Gasi, anatero, osauza munthu aliyense.

Anazimitsa injini.
Anatsika,
natenga fosholo.